Buku la Kuchipatala la a Myron

Nyengo yachisanu, kum'mawa kukangoyamba kuyera, a Myron Dutchak amakhala atavala kale chikhoti chawo cha chikopa cha nkhosa, ataima pakhomo ndi kapaipi ka labala m'manja, kudikira akazi awo. Sawaitana, chifukwa masiku ano sadziwa kukula kwa mawu awo: akati aitane pang'ono, agalu a mudzi wonse amadzuka. Amangogogoda chitseko ndi chigongono mpaka mayi Orysia atuluke, akumanga mpango.

Ming'oma ya njuchi ili kuseri kwa nyumba, pansi pa mitengo ya maapozi, chipale chofewa chitaiunjikira pamwamba. M'chisanu mng'oma satsegula, njuchi zingafe. Mwini wake amalowetsa kapaipi pakabowo kolowera njuchi, mbali inayo n'kuika kukhutu. Kaliridwe kake ndi kamene kamamuuza ngati zili bwino, ngati uchi wazithera, kapena ngati mbewa yalowamo. A Myron anagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi makutu awo. Tsopano amachita kubwereka a akazi awo.

Mayi Orysia amagwada, kumvetsera, kenako n'kutembenuka kuti amuna awo aone milomo.

"Zikulira."

"Zikulira bwanji? Njuchi zonse zimalira!"

"Ngati ketulo ikamafuna kuwira."

"Ketulo iti? Yathu yobooka ija?"

"Inu bambo ake a Halya, mawondo angawa ali pa ayezi! Zikulira ngati inuyo pamene mukuliza mkonono mutadya nkhomaliro."

"Ndiye kuti zakhuta," amatero a Myron, nkhope ili mwee. "Tiyeni pa winawo, mayi. Mukanakhala ndi makutu abwino ngati pakamwa panupo, bwenzi titalemera."

Nkhondo yaikulu itayamba, a Myron anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Palibe anawaitana. Anakwera okha basi yam'mawa kupita kutawuni, buledi ndi mafuta a nkhumba zili m'chikwama. Dokotala woyeza ofuna kulowa usilikali anaima patali kumbuyo kwawo n'kumanong'ona manambala. A Myron anabwereza onse, n'kuwonjezera kuti m'mimba mwa adokotalawo mukulira, zikuoneka kuti sanadye kanthu m'mawa. Dokotala anaseka, n'kudinda pepala kuti munthuyu ali bwino.

Kunkhondoko anzawo ankakonda kukhala nawo ngalande imodzi, chifukwa tindege touluka topanda munthu tija ankatimva anzawo asanatimve. Akangokweza chala, onse ankagwa pansi chafufumimba. Chaka chachiwiri, masamba akuyoyoka, bomba linagwa m'mphepete mwa ngalande yawo ndipo dothi linawakwirira. Atawafukula, magazi ankatuluka m'makutu onse awiri. Koma tsiku lomwelo anyamata ena anaduka miyendo, ndipo a Myron anachita manyazi kukaima pamzere wa ovulala ndi makutu chabe. Anadzipukuta ndi nsanza, kutsekamo thonje, n'kubwerera pamalo awo. Palibe analemba kanthu. Patapita miyezi itatu, akuluakulu ataona kuti munthuyu akumuuza za kumanja iye n'kulowera kumanzere, anawatumiza kwa madokotala a asilikali.

Apa ndi pamene a Myron analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha ulemu. Kuno kwathu buku la kuchipatala limasungidwa kunyumba. La a Myron analiyambitsa malemu mayi awo, mayi Paraska. Masamba akatha ankasokererapo ena ndi ulusi wakuda, n'kumaliika kuseri kwa chithunzi cha Amayi Maria, pamodzi ndi kandulo ya ubatizo. Tonse tinaleredwa kuti popita kwa dokotala umatenga buku lako lonse ndi kabotolo ka uchi. Achinyamata amadziwa kuti madokotala a asilikali umawapatsa zokhazo zimene afunsa. A Myron anatumiza uthenga kunyumba kuti bukulo libwere pa basi, ndipo analiika patebulo ndi manja awiri.

Dokotala wamkulu, mayi wa magalasi, anatsegula masamba limodzilimodzi, n'kuima pa tsamba lina lachikasu. Panali mzere umene namwino wa m'mudzi analemba a Myron ali ndi zaka zisanu ndi zinayi: khutu lamanzere likutuluka mafinya. Mayiyo analemba papepala, n'kuwatembenuzira kuti awerenge: akuwachotsa usilikali, koma kugonthaku ndi matenda akale, sikunachokere kunkhondo.

"Adokotala," anatero a Myron, mawu akumveka mpaka panja, "tsiku limene munkanditenga lija, bukuli linali lomweli."

Mayiyo analemba: *Sitinalione.*

"Simunalifunse. Nanga lamanjali? Lagontha chifukwa chomvera chisoni mnzake?"

M'modzi mwa madokotala aja anabisa nkhope m'mapepala. Koma chidindo chinadindidwa, ndipo uchi anawabwezera.

Mzere umodzi wokhawo ndi umene a Myron akulimbana nawo mpaka lero. Pepala likanati anavulala kunkhondo, bwenzi akulandira penshoni ya msilikali wolumala. Momwe lililimu, amawatenga ngati munthu aliyense amene makutu amuthera ndi ukalamba. Mayi Orysia ndi amene amadandaula za penshoniyo. Chimene chimawapweteka a Myron n'chakuti pepalalo likunena kuti anapita kunkhondo ali owonongeka kale, ngati kuti ananamiza boma, ngati kuti dothi lija linakwirira munthu wina.

Tsiku limene anafika nalo, mayi Orysia anatsegula chitofu kuti aponyemo bukulo.

"Libweretseni kuno!" anakuwa a Myron.

"Lakudyerani penshoni limeneli!"

"Mayi anga anasoka okha ulusi umenewu. Analakwa chiyani, kundipititsa kuchipatala?"

Bukulo linabwerera kuseri kwa chithunzi, ndipo mayi Orysia anatha masiku awiri akuphika msuzi wopanda mchere, mwadala.

Si munthu woyenda atazyolika. Kutchalitchi amaima pafupi ndi oimba, dzanja litagwira nsanamira yamatabwa, chifukwa amati mawu a abambo oimba mabesi amadutsa m'thabwalo n'kuwafika m'chigongono. Amaimba nawo "Ambuye tichitireni chifundo," koma amamaliza anzawo atamaliza kale, ndipo bambo mfumu anazolowera kudikira kaye pang'ono asanapitirize. Palibe amaseka, kupatula akazi awo. Ikamayandikira Khirisimasi, pamene nyumba iliyonse imafuna uchi wothira m'tirigu wowiritsa, enafe amene amuna athu anagona kumanda timapeza kabotolo ka uchi wa a Myron pazenera. Ukati uwathokoze amaloza khutu n'kupitirira. Pamenepo pokha kugonthako kumawathandiza.

Mwana wawo Halya, amene amagwira ntchito ya uphunzitsi kutawuni, anawapezera loya wothandiza asilikali. Anachita apilo, ndipo chisanu chitatha anawaitananso. Ulendo uno a Myron anasiya buku kunyumba, koma anatenga chisa cha njuchi, kuti afunse madokotala ngati munthu wogontha angasunge ming'oma zaka makumi awiri. Halya anawalanda pakhomo pa ofesi. Madokotala achiwiriwa anali aulemu. Anati sakukana kuti mwina bomba ndi limene linachita zimenezi, koma pamafunika pepala lonena tsiku ndi malo amene munthu anavulalira. Ngati palibe, loya anati angayesere ndi umboni wolemba wa munthu amene analipo. Halya analembera kugulu lawo lankhondo. Yankho linabwera lalifupi: tsiku limenelo dzina la Dutchak silili pa mndandanda wa ovulala.

"Zoona," anatero a Myron atawerenga. "Sananame. Sindinapite kukalembetsa."

M'ngalande muja munali anthu anayi. Awiri anadzafa pambuyo pake, m'mwezi umodzi. Wotsala ndi Lavrin, bambo wowotcherera zitsulo wochokera kum'mawa kwa dziko, amene anafukula a Myron ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka. Anali adakali kunkhondo. A Myron anazengereza milungu itatu. Ankati munthu amene ali pamoto sumuvutitsa ndi mapepala.

"Ndiye ndilembe ine," anatero mayi Orysia. "Ndimuuzenso kuti mnzake uja wasanduka nkhalamba yamanyazi."

"Inu mungalembe masamba khumi, foni yake n'kutha moto."

Analemba okha, atakhala pa chitsa pakati pa ming'oma, ndi chala chimodzi, kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka ng'ombe kubwerera. Munali mu Ogasiti. Mpaka lero foni imaonetsa kuti uthengawo sunatsegulidwe. Dzina la Lavrin silili pakati pa omwalira, silili pakati pa ogwidwa, ndipo a kugulu lake amangoti adikire. Lamulungu lililonse, popereka timapepala ta mayina oti awapempherere, amoyo paokha ndi omwalira paokha, mayi Orysia amalemba Lavrin pa pepala la amoyo, pansi pa dzina la Halya. A Myron amaima pambali pawo kuonetsetsa kuti asasokoneze mapepala.

Halya anandionetsa uthengawo tsiku lina titatuluka m'tchalitchi. Ndi waufupi:

"Lavrin m'bale wanga, ndine Myron wa njuchi. Ukapeza mpata, osati lero, undilembereko mizere iwiri yokha: kuti dothi lisanandikwirire ndinkamva, ndiponso kuti unandifukula ndiwe. Pansi pake ulembepo dzina lako n'kusaina. Ukadzabwera, ubwere ndi ndowa, uchi ulipo."