Dulani Dzanjalo

Amene mumadutsa mumsewu wa Malangalanga mukuwadziwa Che Swaleyi, ngakhale dzina simulidziwa. Ndi bambo aja a kofia yoyera, okonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu, osakonda zolankhulalankhula. Koma mawotchi sanayambe nawo ayi. Kale ankajambula anthu kuseri kwa msika: zithunzi za pasipoti, za ukwati, za ana ovala suti zobwereka. Lachisanu lina, zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo, anachokera kumzikiti n'kuuza akazi awo, a Hasina, kuti nkhope ya munthu sadzaijambulanso. Palibe anawakakamiza. Mashehe ena amaloleza kujambula anthu, ena amakana, iwo anangotsata kumene mtima wawo unakhazikika. Zithunzi zonse za m'nyumba anazitentha okha tsiku lomwelo.

Kamera yokha sanaitaye. Lamulungu lililonse ankakwera minibasi ndi a Hasina mpaka ku City Centre, n'kumayenda wapansi m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kukatulukira ku Area 10 ndi Area 12, kumene nthambi zimalendewera kunja kwa mipanda ya anthu olemera. Alonda ankawaseka, eti nyumba zokongola zonsezi bamboyu osaziona, n'kumalimbana ndi tsamba! Iwo ankati tsamba lililonse ndi chizindikiro cha Mlengi, ndipo woliyang'anitsitsa sasiyana ndi wotchula dzina la Allah. Akadina kamera ankatamanda Mulungu monong'ona kuti, “Subhanallah.”

Vuto linali mphepo. Duwa likamagwedezeka silijambulika, ndiye ntchito ya a Hasina inali kugwira nthambi kuti ikhale bata.

“Gwirani bwino, mayi. Musapume,” ankatero Che Swaleyi, diso lili pakamera.

“Aaa, ndife chifukwa cha duwa la chitimbe?” ankayankha a Hasina, koma mpweya ankaugwira ndithu.

Lolemba Che Swaleyi ankapita kwa a Bonaventure, Mkatolika wa situdiyo ya ku Area 2 amene ankawatsukira zithunzi. Lamulo linali limodzi zaka zonsezo: “Dulani dzanjalo, patsale duwa lokha.”

A Hasina anamwalira mu Okutobala, jakaranda atachita maluwa tauni yonse. Anagwa m'mawa akuyanika zovala, pofika masana anali atatisiya, ndipo dzuwa lisanalowe anali ataikidwa, monga mwa mwambo wa Chisilamu. Mwana wawo Asiyatu, amene amakhala ku Joni, anafika patapita masiku awiri. Anangopeza mulu wa dothi.

Che Swaleyi sanalire. Anthu anawayamikira kuti ndi munthu wopirira, wachikhulupiriro. Kupirira kwake kuti! Munthuyo sankamva kanthu basi. Tiyi ankamwa osadziwa ngati muli shuga. Swala zonse zisanu ankaswali, mawu akungotuluka okha ngati wailesi yoiwalika m'chipinda. Wotchi ya munthu ankaitsegula, kuikonza, kuibweza. Kamera inangokhala pamsomali.

Itachitika sadaka ya masiku makumi anayi, Asiyatu anayamba kulongedza. Anapempha chinthu chimodzi chokha.

“Ababa, ndipatseniko chithunzi cha amayi. Ana anga adzawadziwe agogo awo.”

Che Swaleyi anatsitsa makatoni a zithunzi asanu ndi imodzi n'kukhuthulira pamkeka. Munali mbawa, mkuyu, mame a paudzu, mitambo ya Disembala pamwamba pa Capital Hill. A Hasina munalibemo. Ngakhale m'mafoni a abale munalibe, pakuti mayiwo akaona foni ikuwaloza ankadziphimba ndi mpango, kulemekeza lumbiro la amuna awo. Chinatsala ndi chiphaso cha unzika, kachithunzi kotuwa, nkhope ili gwa ngati ya munthu wodikira chigamulo.

“Awa si amayi,” anatero Asiyatu, n'kubweza chiphasocho patebulo.

Che Swaleyi anatsinzina kuti awaone okha akazi awo. Kunabwera mpango wobiriwira, kunabwera mawu, koma nkhope inakana. Tsamba la mkuyu ankatha kuliona ndi mitsempha yake yonse, nkhope ya munthu amene anadya naye mbale imodzi zaka zonsezi ayi. Anadziuza kuti, ndayang'anitsitsa zolengedwa zonse za Allah kupatula chimene anandiikira m'nyumba. Ngakhale mawu amenewa sanawapweteke. Anangowamva ngati nkhani ya munthu wina.

Kutacha anatenga kamera ija n'kupita nayo kwa a Bonaventure ku Area 2.

“Achimwene, iyi itengeni. Ine ndathana nayo. Mwana akufuna chithunzi cha amayi ake, ine wojambula ndilibe.”

A Bonaventure anawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kukankha kamerayo pambali.

“Takhalani pansi, Che Swaleyi. Inu mumayesa ndinkadula chiyani? Ine ndinkadula chapapepala chokha. Zenizenizo zonse zilimo umu, ndi zamafilimu zomwe ndinazilowetsa.”

Anayatsa kompyuta n'kuitembenuzira kwa mnzawoyo.

Chithunzi choyamba chinali duwa la chitimbe, ndipo kumanzere kwake kunali zala zitatu zosalala, zopaka utoto wa hina, zitatsina nthambi. Chachiwiri, dzanja lomwelo. Chachitatu, lomwelo. A Bonaventure ankangodina, zaka zikudutsa. Panaoneka chipsera cha mafuta a mandasi pachala chachikulu, chofiira, kenako chakuda, kenako chozilala. Mphete inayamba kukhwepa, inakulungidwa ulusi, inasamukira chala china. Khungu linachita makwinya, mitsempha inatuluka. Chomaliza chinali cha Seputembala yemweyu kumpanda wina wa ku Area 12: jakaranda woyamba wa chaka, ndi dzanja la mayi wokalamba litagwira mosamala ngati likugwira khutu la mwana.

“Zilipo zoposa chikwi,” anatero a Bonaventure. “Nkhope palibe, pepani. Nditsuke zingati za mwanayo? Ndidule?”

“Musadule,” anatero Che Swaleyi.

Anasendeza mpando pafupi. Duwa lija linali bata, lakuthwa, kambewu kalikonse kakuoneka, chonsecho iwo ankakumbuka bwino kuti tsiku limenelo kunali chimphepo chothothola zipewa. Ndiye kuti pachithunzi chimenechi, ndi pa zinzake zonse chikwi, a Hasina anali ataima pambali pawo atagwira mpweya, kudikira kuti amuna awo amalize kutamanda Mulungu. Ndipo iwo sanakumbuke tsiku ndi limodzi lomwe limene anawauza kuti basi, ndamaliza.

Anaika chala chawo pagalasi la kompyutayo, pachipsera chija.

“Pumani, mayi,” anatero. “Ndajambula.”