Mpweya Woipa wa Ng'ombe Zathu

Pakamwa panga pandiputira zambiri, koma palibe chimene chimandiwawa mpaka lero ngati nkhani ya dzenje limene amuna anga anakumba kuseri kwa khola.

Iwo ankagwira ntchito kuboyila pafakitale ya tiyi, kuponya zipika za bulugamu pamoto tsiku lonse. Ine ndinkathyola tiyi nyengo ya mvula, miyezi inayo ndili kumunda kwathu cha ku Khonjeni. Nkhuni zinali zitavuta kale. Mitengo ya m'mudzi tinali titaimaliza, ya esiteti inali ndi alonda, choncho ndinkaphikira mapesi ndi zitsononkho, maso ali psu. Chifuwa sichinkandichoka.

Chaka chimene ng'ombe yathu ya mkaka inabereka, kugulu la alimi kunabwera mlangizi wina wolankhula Chichewa cha m'mabuku. Anati ndowe zikamawola pamtunda zimatulutsa mpweya woipa umene ukutenthetsa dziko, koma ukazitsekera m'dzenje lomata bwino, mpweya womwewo umadutsa m'payipi n'kuyaka pachitofu. Mwini wake ankanena za dziko lonse lapansi. Koma kwathu kuno munthu akati "mpweya woipa", aliyense amadziwa kumene umatulukira. Amayi anayamba kutsinana. Ine ndinalephera kuugwira mtima.

"Ndiye mukuti tiziphikira mpweya woipa wa ng'ombe, achimwene? Nanga wa amuna athuwa tiziutayiranji? Bweretsani mapayipi awiri."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Mlangizi atafunsa amene akufuna kuyesa, dzanja linakwera limodzi lokha, ndipo linali la amuna anga.

Anakumba dzenjelo okha, Loweruka lililonse akaweruka. Njerwa anaumba okha, mlangizi uja n'kubwera kudzawathandiza kumata. Atamaliza ankadzuka m'mamawa kusakaniza ndowe ndi madzi m'chidebe, kuthira m'dzenje, kenako kusamba n'kuthamangira kuntchito. Patatha masabata angapo anandiitana kukhitchini, nakhwatcha machesi. Moto unayaka wabuluu, wopanda utsi, wopanda fungo. Ndinateleka nyemba, poto anatuluka woyera ngati sanapite pamoto. Ndinene zoona, mtima wanga unakondwa. Koma sindinawauze.

Vuto linali loti nthabwala yanga inali itayenda kale kuposa ine. Kumunda wa tiyi anzanga ankandifunsa ngati ng'ombe yadya nyemba kuti moto ukule. Amuna anga akamadutsa pagolosale, anthu ankagwira mphuno. Tsiku lina amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera kwathu, ine n'kuwaphikira tiyi wa mkaka wambiri. Makapu anazizira pamkeka osakhudzidwa. Mayi wina wamkulu anandinong'oneza, "Musadandaule, amwali. Kungoti mtima sukulola, mwaphikira pa zijazi."

Manyazi anandigwira, ndipo m'malo mowauza kuti moto ndi moto, ndinaseka nawo. Ndinati nanenso ndatopa nazo nzeru za abambo a kunyumba. M'mawa mwake ndinabwezeretsa mafuwa pakhonde, pamene aliyense wodutsa akanaona utsi wanga. Kuyambira pamenepo amene ankaseka kwambiri za dzenjelo ndinali ineyo, kuti anthu asandiwerengere limodzi ndi iwo.

Amuna anga sanandikalipire. Anangondifunsa kamodzi, "Mayi, kodi chakudya chija chinkanunkha?"

"Ayi."

"Nanga chifuwa chija sichinayambe kuchepa?"

"Chifuwa n'changa," ndinayankha. "Koma manyazi ndi a banja lonse."

Anapitiriza kuthira ndowe m'dzenje miyezi ina inayi, moto wake akungotenthetsera madzi awo osamba. Ndinkawamva m'mawa akutakasa m'chidebe, ine ndili pakhonde kuuzira mapesi onyowa, misozi ili chuchuchu. Khitchini inali pafupi, mapazi asanu okha. Kangapo konse ndinafuna kulowa ndi poto wanga. Chimene chinkandiletsa sichinali ndowe, koma kuti ndikanayenera kunena kuti ndinalakwa, ndipo mawu amenewo pakamwa panga anali asanatulukepo.

Loweruka lina ndikuchokera kumsika ndinawapeza atazula payipi, akukwirira dzenje. Anali atagumula pamwamba pake ndi nyundo, njerwa zimene anaumba okha zili mbwee. Ndinaima ndi dengu pamutu, kudikira kuti anene mawu oti tikangane, chifukwa kukangana ndinkakudziwa. Iwo anamaliza kukwirira, napondaponda dothi, natsamiritsa fosholo kukhola.

"Anthu asiya kukusekani tsopano," anatero. "Nkhwangwa munaika pati?"

Munthu amene ankakhalira kusenza zipika sabata yonse anali kupita kukandifunira nkhuni kutali, kumene alonda sakanamuona. Apa m'pamene ndikanagwira dzanja lawo. Ndakhala ndikubwerera pamalo amenewo mumtima mwanga zaka zonsezi, iwo atamwalira kale, ndipo nthawi iliyonse ndimadziona ndikuchita chomwecho chimene ndinachita tsikulo. Ndinatula dengu, n'kuwalozera kuseri kwa chitseko.