Kachewere wa Josias

Munthu wa pa Domwe mukhoza kumunamiza za mvula kapena za mpira, koma osati za kachewere. Anthu akumeneko amamulima, amamusenza, ena amachita kumulota. Ndiye tangoganizani Josias, mwana wa a Sankhani a ku Lifidzi, kubwera kudzawauza kuti zaka zonsezi akhala akumupsereza.

Josias anakhala ku Tete zaka zisanu ndi ziwiri akuphikira Matchaina omanga msewu. Analowa ngati wotsuka mbale, koma mkulu wa ophika, a Liang, anaona kuti mnyamatayo ali ndi dzanja pa mpeni. Anamuphunzitsa kuwaza kachewere mopyapyala ngati timitengo ta machesi, kumutsuka m'madzi ozizira, n'kumuponya m'chiwaya chotentha kwambiri pamodzi ndi adyo, tsabola, vinagiri ndi kamsuzi kakuda ka soya. Kutembenuza katatu kanayi, basi waphula. Kachewere wake amafunika azikukutika mkamwa.

Msewu utatha, Josias anabwerera n'kutsegula baraka, kamalo kodyera ka matebulo atatu, pafupi ndi msika. Anati iye sagulitsa kadzutsa, sagulitsanso nkhomaliro, koma chakudya cha pakati pa ziwirizi, chimene anaona anthu olemera a ku Tete akudya Lamlungu akadzuka mochedwa. Anthu a pa Domwe, amene nthawi imeneyo amakhala atalima kale mizere makumi awiri, anangochitcha matabishu a alesi, ndiye kuti kadzutsa wa anthu aulesi. M'mbale munkakhala kachewere uja, dzira lokazinga pamwamba, buledi wa pau pambali, ndi kapu ya tiyi wa jinja.

Dzira ankadya. Pau ankadya. Tiyi ankachita kuonjezera. Kachewere yekha ankabwerera kukhitchini ali mulu.

"Achimwene," anatero mwaulemu wonse wina woyendetsa minibasi, zimene kuno amati shapa, "zonse zili bwino, koma apa mwaiwala kuphika."

Mayi wina wogulitsa nyemba sanafune zolankhula zambiri. Ananyamula mbale yake, kulowa kukhitchini, kukhuthulira mumphika, kuthira madzi n'kuvundikira. Mbiri inafala yoti Josias amaumira makala, ndipo m'mawa wina anapeza munthu wachifundo atamusiyira mtolo wa nkhuni pakhomo.

"Ingomusiyani pamoto pang'ono, afa ndani?" anadandaula mkazi wake, Nércia.

"A Liang akanandigenda ndi chipande."

"A Liang ali kwawo. Ife tili pa Domwe."

Koma Josias anali nkhutukumve, ndipo unkhutukumvewo anachita kuyamwira. Chimene chinkamupweteka sichinali kuseka kwa anthu ayi. Bambo ake anali asanapondepo pa barakapo. Tsiku limene ankanyamuka kupita ku Tete, a Sankhani anamuuza kuti mwamuna wosiya khasu n'kukagwira mthiko alibe choti akambe nawo, ndipo kuyambira pamenepo ankangopatsana moni. Josias ankafuna chinthu chimodzi chokha: mkuluyo adzakhale pa tebulo lake, adye, avomereze kuti kuphikanso ndi ntchito.

Tsiku lina la msika, dzuwa litakwera, Nércia analowa kukhitchini maso ali gwa.

"Abwera apongozi. Avala jekete la kutchalitchi."

A Sankhani anatsamiritsa njinga pa khoma n'kukhala pa tebulo lapakhonde, pamene msika wonse unkawaona. Anthu anayamba kuyandikira ngati akufunsa mtengo wa anyezi. Josias anawagwadira bambo ake, ndipo pamene ankayankha moni anaona zimene anali ataiwala. Mkamwa mwa mkuluyo munatsala mano atatu, ndipo panalibe loyang'anizana ndi linzake.

Mtima unamugwa. Anabwerera ku chiwaya, kutembenuza katatu kanayi, n'kuima chilili. Kenako anachita zimene anakanira Domwe yense. Anathira madzi, navundikira. Nércia anagwira pakamwa.

Mbale itafika, a Sankhani anadina kachewereyo ndi supuni, ndipo anaphwanyika mosavuta.

"Ichi n'chiyani?"

"Kachewere, ababa."

"Wotereyu amayi ako amandiphikira tsiku lililonse. Ine ndapalasa njinga kuchokera ku Lifidzi kudzadya uja anthu akukuseka naye mpaka pakhomo la tchalitchi. Ukundiyesa khanda?"

Josias anabwerera kukhitchini. Anakoleza moto mpaka chiwaya chinachita utsi, anaphika monga a Liang anamuphunzitsira, n'kupereka.

Abale, kutafuna kwake kunalipo! Mkuluyo anapititsa kachewere kumanzere, anamubweza kumanja, anamusakira dzino. Tsabola anawatulutsa misozi, vinagiri anawakwinyitsa mphuno, thukuta linatsika mpaka mu kolala. Shapa ya ku Ulongwe inali itadzaza kale, koma woyendetsa anazimitsa injini, ndipo palibe wokwera amene anadandaula. Josias anaima potero atagwira nsanza yopukutira, akulakalaka nthaka itamumeza. Ankawamvera chisoni bambo ake, ankachitanso mantha.

Mbale inayera. A Sankhani anamwa tiyi yense, anapukuta pakamwa, n'kutembenukira ku gulu lija.

"Ine ndalima kachewere zaka makumi asanu," anatero mokweza. "Uyu wapsa. Amene akuti sanapse abwere andiuze ine."

Palibe anabwera. Woyendetsa shapa uja anakanda m'mutu, nakhala pansi n'kuitanitsa mbale. Mayi wa nyemba anati iye kuyambira kale ankaona kuti ndi wokoma, kungoti anali ndi chimfine.

Josias anaperekeza bambo ake akuwakankhira njinga. Anadutsa msika wonse. Atafika pamene panalibe anthu, mkuluyo anaima n'kugwira chibwano.

"Wofewa uja usataye. Thamanga ukandikulungire, nkhama zanga zatheratu."

"Chabwino, ababa."

"Ndipo kachewere ameneyu ukugula kwa yani? Ndi wamadzi. Munthu wa luso ngati lako sangamaphike zoterezi. Loweruka ubwere ndi thumba, udzatenge wa kumunda kwathu."

Josias anangowapatsa njinga yawo n'kuthamangira ku baraka, akupukuta m'maso ndi nsanza ya mbale ija.