Mbawala ya Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna anthu amawatcha Awailesi, ndipo dzinalo analigwirira ntchito. Amakhoma zidebe pakhonde, koma kale asanagwire hamala m'mawa ankayamba atsikira kumunsi kwa munda, uku akukoka mwendo wawo wodwala uja. Kumeneko, m'mbali mwa mtsinje, kuli kathengo kamene akhala akukana kudula chikwatiwire ine pakhomo pano. Akabwerako, buluku litanyowa ndi mame mpaka m'mawondo, nkhani zinkayamba. Nungu wadutsa, wasiya minga m'mizere. Nyenga yasamutsa ana. Nguluwe zafukula chinangwa cha aneba. Odzamatitsa zidebe ankangomvera, ena n'kumaseka.

Koma mtima wawo unali pa mbawala yaikazi imene inkabisala m'kathengomo. Ankaidziwa ngati chiweto chawo: pomwe imamwera madzi, pomwe imagona dzuwa likakwera, ngakhale khutu lake long'ambika.

Tsono amuna anga! Munthu wamkulu ndi ndevu zake, koma pakamwa ngati chidebe chobooka. Ankawadula bambo awo pamaso pa anthu: "Bambo, musatichititse manyazi. Mbawala zinatha kalekale kuno. Mwaona mbuzi ya eni."

Akuluwo ankaseka nawo, koma ine ndinkaona kuti zikuwapweteka. Anthu apamsewu akunyoze, palibe kanthu, koma mwana wobereka wekha kukuyesa wabodza! Tsiku lina apongozi anati kwa mwana wawoyo, "Mawa tipitire limodzi, ukadzionere wekha."

Ndinawakokera kuseri. "Bambo, asiyeni. Mwana wanuyu mukumudziwa, sasunga kanthu."

"Mayi," anatero, "ndikungofuna andikhulupirire ndisanafe."

Anapita. Pobwera, apongozi ankayenda ngati mwendo wachira. Sindinawaonepo osangalala chotero. Amuna anga anali atajambula pafoni: mbawala ija, ndi kamwana kake kakuyamwa. Pofika madzulo chithunzicho chinali chitazungulira kometera tsitsi konse, amuna angawo n'kulongosola komwe kuti ndi kumunsi kwa munda wathu, pomwe pali mtengo wakugwa. Mpaka kuwajambulira anzawo njira ndi chala pansi, ati kuti asamayesedwe abodza!

Loweruka masana tinangomva agalu. Amuna okhaokha, zibonga m'manja, akutsetsereka m'munda mwathu ngati mwawo, osaodira n'komwe. Apongozi anataya hamala n'kuyesa kuthamanga. Mwendo uja unawakana, anagwa chafufumimba m'mizere. Ndikuwadzutsa, tinamva kulira kuchokera kumtsinje, kenako zii. Sanandiyang'ane. Anangosasa dothi pamalaya, ndipo ndinawagwira dzanja kubwerera pakhonde.

Dzuwa litapendeka, amuna anga ndi awa, mwendo wa nyama m'pepala lapulasitiki, mano onse panja.

"Mayi a ana, kazingani. Anzanga akuti mwini munda asamanidwe."

"Nanga kamwana?"

"Agalu. Koma musandiyang'ane choncho, ine sindinaphe. Ndinangoonetsa chithunzi."

Aaa! Ndinawalanda pepalalo n'kuliponya pabwalo. "Mwangoonetsa? Bambo anu anakupatsani chinthu chimodzi chokha chimene anali nacho, inu n'kukachimwaza kometera! Kaphikeni nokha, pafoni yanuyo!" Aneba anatuluka kudzaonerera, ine osasamala. Ndikadali wokwiya mpaka lero, sindibisa, ndipo mphika wanga nyamayo sunaione.

M'mawa mwake apongozi sanatsikire kumunda. Anakhala pakhonde molawirira, buluku louma, akukhoma chidebe chimene chinali chitatha kale. Mayi wina wogulitsa tomato, amene sanamve zadzulo, anaima ndi dengu lake pamutu.

"Awailesi, lero mwazima? Nkhani zakuthengo zili kuti?"

Amuna anga anali pakhomo, akutsuka mkamwa. Apongozi sanadzutse mutu.

"Palibe, mayi," anatero. "Mwana wanga ankanena zoona. Zinatha kalekale."