Nyengo Imene Ndinali Nsomba ya Ababa

Ndikamva fungo la sopo wokolopera wa mandimu, ndimadziona nditagwada kuseri kwa chitseko cha masitepe, mthiko wa amayi uli m'manja, ndikudikira patapata wobiriwira kuti adutse. Apo n'kuti ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala m'fulati ina ku Old Airport, mumzinda wa Doha, kumene amayi ankagwira ntchito ya unamwino, ababa akukonza mainjini a maboti. Kolido yathu inali yaitali ndiponso yoterera, ndipo chitseko chilichonse chinkatulutsa fungo lakelake: anyezi wokazinga kwa Amwenye, lubani kwa banja la ku Sudan, kwathu utaka wouma umene amayi ankausunga ngati mankhwala.

Ababa anabadwira ku Makanjira m'banja la asodzi, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Ankati iwo anagwira mbedza asanadziwe kabudula. Kudzitama komweku n'kumene kunawapezetsa malo m'boti la Abu Nasser, mkulu wina wa ku Qatar komweko amene anapuma ntchito kalekale. Tsiku lina ababa akukonza injini ya botilo anayamba kusimba za nsomba zakwathu, ndipo mkuluyo, amene phewa linali litayamba kumukanika kukoka nsomba yaikulu, anati Loweruka lililonse la nyengo yozizira azipitira limodzi, iye pachiwongolero, ababa pandodo ya mbedza. Masiku ena onse ababa ankabwera atatheratu, akununkha dizilo, n'kukhala duu pampando ngati munthu wodikira basi. Koma Loweruka ankalowa akuimba m'Chiyao, khungu lili mbuu ndi mchere, mpaka kufika potsuka mbale amayi asanawapemphe. Ine ndinkawakonda kwambiri ababa a Loweruka, ndipo sindinkafuna kuti atisowe.

Nsomba imene Abu Nasser ankaifuna inali imodzi yokha. Azungu amati selifishi, koma ababa anaitcha nsomba yathanga, chifukwa pamsana pake pali chipsepse chachikulu chimene imatambasula ngati thanga la ngalawa. Kutsogolo ili ndi mlomo wautali wosongoka, ndipo mlomo umenewo ndi umene unawachititsa manyazi ababa. Nsomba zakwathu zikagwira nyambo, msodzi amakoka mwamphamvu nthawi yomweyo, apo ayi wazidyetsa ulele. Yathanga siyamba n'kumeza. Imayamba yamenya nyamboyo ndi mlomo uja, kenako imaitola n'kuthawa nayo. Msodzi amayenera kumasula chingwe kuti chizipita chokha, chala chachikulu chitangokhudza pang'ono pachokulungira, n'kuwerenga mpaka faifi, ndiyeno n'kutseka n'kuyamba kukulunga modekha. Mbedza yake ndi yopindika ngati mphete, imadzikola yokha m'mbali mwa kamwa. Ukakoka msanga, nyambo umaizula wekha m'kamwa mwa nsomba.

Zonsezi ababa ankazidziwa, ndipo ankatha kutifotokozera bwinobwino tikamadya. Amene sankamva ndi manja. Manja amenewo anaphunzitsidwa ndi agogo, amene ankati mwana wochedwa kukoka asayandikire mbale ya ndiwo. Nsomba zathanga zinali zitayamba kale kusowa m'nyanja imeneyo, moti kuona imodzi unali mwayi waukulu, koma ababa anataya zitatu. Itapita yachitatu, Abu Nasser sanakalipe. Anangonena mwaulemu kuti mphwake ali ndi mnzake wodziwa bwino usodzi umenewu, ndipo nyengoyi ikatha chomwechi, chaka chamawa adzatenga ameneyo. Kunali kutatsala masabata anayi kuti kutentha kuyambe. Tsiku limenelo ababa sanaimbe.

Lachisanu lotsatira atachoka kumzikiti, anatulutsa ndodo yakale imene anabwereka kubotiko, anachotsa mbedza n'kumangirirapo patapata wa amayi. "Iwe, tiye panja tikapange pulakatisi," anatero. "Kuyambira lero ndiwe nsomba." Iwo ankakhala pampando kumapeto kwa kolido, pafupi ndi lifiti, n'kumakulunga chingwe pang'onopang'ono, patapata akukwawa pansi. Ine ndinkavumbuluka kuseri kwa chitseko chija, n'kumumenya ndi mthiko, kumutola ndi zala ziwiri, liwiro. Ababa akakoka, patapata ankapulumuka m'zala zanga. Akadikira, ndinkalowetsa dzanja lonse m'kalamba kake, ndiye kuti nsomba yameza, yagwidwa.

Sabata yoyamba patapata anauluka kosawerengeka. Anamenya chitseko cha Amwenye, anaphonya babu pang'onong'ono, ndipo kamodzi anatera pachifuwa cha mlonda wa nyumbayo akutuluka mu lifiti. Ine ndinali nsomba yankhanza. Nthawi zina ndinkamusiya patapata adutse katatu osamukhudza kuti ababa ataye mtima, kenako n'kutulukira mwadzidzidzi. Kunena zoona, kunkanditsekemera kulamula munthu amene m'nyumba ankanditumiza madzi akumwa ndi maso okha. Vuto lina linali kawerengedwe kawo, poti wanu mpaka faifi ankamaliza ndi mpweya umodzi. Amayi, ataima pakhomo akusenda mbatata, ndi amene anapeza mankhwala ake. "Bambo a mwana, faifi yanuyo ndi ya munthu wothawa galu. Muzitchula masiteji a basi yopita kwanu, ndipo paliponse basiyo iziima." Kuyambira pamenepo kolido inkamveka Liwonde, Ulongwe, Mangochi, Malindi, Makanjira, mpaka ana a ku Sudan aja anawaloweza maina osadziwa n'komwe kuti ndi kuti.

Ababa atamuuza Abu Nasser za maphunziro awowa, akuti mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nsomba ya m'kolidoyo ibwere idzaone abale ake. Ndi mmene ndinakwerera boti Loweruka lomaliza la nyengoyo. Tinanyamuka itangotha swala, pemphero la m'mawa, atandiveka jekete loyandamitsa lonunkha nsomba zakalekale, ndipo nyumba zitalizitali za mumzinda zinayamba kufupika mpaka zinamira. Titafika kumadzi akuya Abu Nasser anachepetsa liwiro. Ababa anaponya kumbuyo zidole zapulasitiki zopanda mbedza, zimene zimakhuvula madzi ngati gulu la tinsomba tothawa kuti yathanga ibwere pafupi, ndipo chapatali pang'ono anaponya nyambo yeniyeni, kansomba kowonda komangiriridwa mbedza kumphuno. Kenako tinangoyenda, maso ali kumwamba kufuna mbalame, pakuti pamene mbalame zikugwera m'madzi pali tinsomba, ndipo pali tinsomba sipalephera wotithamangitsa. Tinamwa tiyi wamkaka, ndinasanza kawiri, dzuwa linafika pamutu, osaona kanthu. Ndinkadziwa chimene chinali mumtima mwa ababa: nsomba ikapanda kubwera, pulakatisi yonse ija ithera m'kolido.

Inabwera titayamba kale kulankhula zobwerera. Ndinaona chinthu chakuda pansi pa madzi kumbuyo kwa zidole, kenako thanga lija linatuluka, lofiirira, likunyezimira. Abu Nasser anakoka zidole msangamsanga kuti nsombayo itsale ndi nyambo yokha. Mlomo unamenya kamodzi, kawiri, chingwe n'kuyamba kuthawa. Ine sindinayang'anenso nsomba, ndinayang'ana zigongono za ababa. Zinanyamuka pang'ono, monga zinkachitira patapata asanauluke. Koma zinatsikanso. Milomo yawo inkayenda, akutchula masiteji aja. Anadutsa pa Mangochi, pa Malindi thukuta linali likudontha pachibwano, ndipo atafika kwawo anatseka chokulungira n'kuyamba kukulunga mofatsa ngati munthu wopota ulusi. Ndodo inapindika, n'kukhala chopindikabe.

Nsombayo inalumpha yathunthu, yaitali kuposa ababa, ikupukusa mutu. "Shwayi shwayi, Yusufu!" ankakuwa Abu Nasser kuwauza ababa, kutanthauza kuti pang'onopang'ono, uku akubweza boti chambuyo kuti chingwe chisathe pachokulungira. Inalumpha kangapo, ndipo ababa sanalole chingwe kukhwepa ngakhale kamodzi. Itatopa n'kufika m'mbali mwa boti, anavala magulovu, anaigwira mlomo n'kuchotsa mbedza imene inali pakona penipeni pa kamwa. Lamulo la mkuluyo linali lakuti yathanga siikwera m'boti. Choncho anayendetsa boti pang'onopang'ono, ababa ataigwirabe kuti madzi azidutsa m'makha mwake, mpaka mchira unayambanso kukupiza. Ababa anandiitana kuti ndiikhudze pamsana, kenako anatsegula manja, mwana wa asodzi amene chibadwire anali asanatayepo ndiwo mwadala. Abu Nasser anawayang'ana n'kunena kuti, "Khalasi, nkhani yatha. Kukayamba kuzizira, usadzachedwe." Pobwerera ababa anaimba njira yonse, injini ziwiri osatha kuwaphimba mawu.

Anapitabe limodzi nyengo zina zitatu, mpaka pamene zathanga zinasiyiratu kuoneka, mkulu ujanso miyendo itayamba kukana kukwera boti. Ndikamaganiza za masabata a pulakatisi aja, chimene chimandikhudza si nsomba ayi. Ndi bambo wa zaka zoposa makumi anayi, wodzitama ngati ababa, kukhala pampando m'kolido anthu akudutsa, mwana wake wamkazi akumuseka, kufuna kuiwalitsa manja ake zimene anawaphunzitsa bambo ake omubala. Pa nthawiyo ndinkangoona ngati masewera.

Pano ababa anapuma ntchito, anabwerera ku Makanjira. Mwezi watha ang'ono awo anandiimbira foni akudandaula kuti Doha anawawononga akulu awo. Akuti akapita nawo kokawedza mcheni, chingwe chimagwedezeka aliyense akuona, iwo ali phee, mpaka nyambo yonse kutha, ndipo ana a m'bwato ayamba kuwatcha odyetsa nsomba. Nditawafunsa ababa ngati n'zoona, anaseka kwa nthawi yaitali.

"Zisiye zidye, mama," anatero. "Ndazilanda chakudya kukamwa zaka zambiri."