Botolo la Sopo la a Mudimba

A Mudimba anayendetsa maboti a anthu olemera pa nyanja ya Kariba kwa zaka makumi atatu, osagundapo chitsa ngakhale chimodzi. Oidziwa nyanjayi angakuuzeni kuti si zamasewera, pakuti pansi pake pali nkhalango ya mitengo youma imene inamira pomanga damu. Chuma chawo chonse chinali kachiphaso ka ukaputeni kokutidwa ndi pulasitiki. Nyumba inali ya lendi, ndipo akazi awo ndi adzukulu anayi ankadya kachiphaso komweko.

Boti limene ankayendetsa linali la a Chakanyuka, mkulu wogulitsa matayala ku Harare, amene ankabwera kawiri pa chaka kudzamwa mowa ndi anzake, n'kumati akuwedza.

"Dzazani mpaka pakamwa, mdala," anatero a Chakanyuka m'mawa wina akuthiritsa dizilo padoko.

"Bwana, ndi dzuwa la Okutobala ili mafuta amafufuma. Tisiyeko kampata."

"Kodi botili ndi langa kapena lanu?"

A Mudimba anadzaza. Pofika masana, alendo akukwezabe makatoni a mowa, dizilo anayamba kutuluka pa kabowo ka mpweya n'kuyandama pamadzi ngati utawaleza.

Apa anachita zimene kaputeni aliyense wa msinkhu wawo anaphunzitsidwa ali mnyamata. Anatenga botolo la sopo wotsukira mbale n'kuwaza pamadzipo. Mafuta aja balalabalala, madzi mbee! Sanabise n'komwe. Anawaza poyera, mluzu uli pakamwa, ngati munthu wosesa pakhomo pake.

Tsoka silinunkha. Pamlatho wa matabwa panaima Mayi Zvarevashe, wa ku ofesi yoona za ukhondo wa nyanja, wobadwa dzulodzuloli, foni ili m'mwamba.

"Agogo, mwathira chiyani pamenepo?"

"Sopo, mwanangu. Taonani mmene payerera."

"Sanachoke mafutawo, mwangowamiza. Apita pansi pomwe nsomba zimaikira mazira. Mukanangotiitana tikanawayamwa ndi ziguduli zathu, mlandu n'kukhala wa mwini boti. Koma uwu ndi wobisa, ndipo ndi wa dzanja limene lathira."

A Mudimba anacheukira bwana wawo. A Chakanyuka anali atapeza mwadzidzidzi chinthu chofunika kwambiri mu foni yawo.

Ku ofesi nkhani sinatalike. A Chakanyuka analipira chindapusa cha mafuta otayika ali chiimire, n'kunena mwaulemu kuti iwo za sopo sanatumepo munthu. Zoona ndithu, sanatume. Za kudzaza mpaka pakamwa palibe anafunsa, nawonso a Mudimba sanazitchule, poti ankaganiza kuti ntchito ikadalipo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kachiphaso kaja ka a Mudimba a ku ofesiwo anakatsekera m'kabati kwa zaka ziwiri. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, maso ayamba kale kuchita nkhungu, ndani adzamulembenso ntchito zaka ziwiri zikatha?

Chinawapweteka kwambiri n'chakuti mayi uja sananame. Anakumbukira mabotolo onse amene anawaza m'zaka makumi atatu, akudzitama kuti boti lawo silisiya litsiro. Manyazi anawagwira, chakudya osalowa masiku awiri.

Loweruka anavala malaya awo oyera n'kutsikira kudoko, kuti mwina apezeko ganyu wopenta. Pachipata anawaimitsa Siankope, mlonda amene ankagawana naye fodya zaka zonsezi.

"Pepani akaputeni, opanda chiphaso sakulowa."

"Iwe Siankope, wayamba liti kundifunsa mapepala?"

"Dzina lanu alipachika pakhoma, achimwene. Ndikakulowetsani, mawa ndili panja pomwepo."

A Mudimba anaima kuseri kwa mpanda wa waya. Boti la a Chakanyuka linali likutuluka, nyimbo zili pokopoko, pachiwongolero pali kaputeni watsopano wochokera ku Harare. Litafika potulukira linakhotera kumanzere, kumene zitsa zimabisala madzi akachepa.

"Kumanja! Kumanja iwe!" anakuwa a Mudimba, zala zitakola muwaya.

Mlendo wina m'botimo anawaona akukupiza manja. Anakweza botolo lake la mowa, n'kuwabayibitsa.