A Tinyamuke Aphunzira Kucheza ndi Manja

A Tinyamuke anali kondakitala wa minibasi kwa zaka makumi atatu, ndipo dzinali analipezera pantchito pomwepo. Ankati akangoona munthu akuyang'ana kumsewu, iwo n'kukuwa, "Watsala mmodzi, tinyamuke!" ngakhale m'basimo mutakhala anthu atatu okha. Bondo litayamba kuwavuta ntchito anaisiya, koma pakamwa sipanapume ayi. Ankacheza ndi wogulitsa makala, wowerenga mita ya madzi, ngakhale munthu wolakwitsa nambala pafoni ankayamba wafunsidwa za kunyumba asanadule.

Tsiku lina mwana wawo womaliza, mtsikana wogwira ntchito mufamase, anawakhazika pansi.

"Ababa, ndapeza munthu. Ndi kalipentala, ali ndi shedi yake kuseri kwa msika. Koma ndikuuzirenitu, ndi wosamva."

Mayi ake, amene ankasita zovala pakona, sanadzutse n'komwe mutu. "Amuna onse ndi osamva, mwanawe. Bambo akowa ndakhala nawo zaka zingati?"

"Ayi amayi, ndikunena makutu. Anabadwa choncho. Amalankhula ndi manja."

Mnyamatayo atabwera kudzaonekera, a Tinyamuke anaganiza kuti nkhani yagona pa kukweza mawu. Anakuwa moni, anakuwa mbiri ya banja lonse, mpaka aneba anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwabuka ndewu. Mnyamata ankangomwetulira mwaulemu. Mtsikana ndiye ankamasulira, ndipo bambo ake anaona kuti nkhani imene aikamba kwa mphindi khumi yatha ndi kugwedeza manja katatu.

"Zonse zija basi?"

"Ndadula zobwerezabwereza, ababa."

Onse anaseka, iwonso anaseka nawo, koma mumtima zinawawawa. Ukwati unachitika, miyezi inadutsa, ndipo mkamwini akabwera ankakhala pampando wake, iwo pawo, kumangomwetulirana ngati anthu odikira dokotala. Munthu amene ankatha kucheza ndi mlendo wapamsewu ankalephera kufunsa mkamwini wake kuti ntchito ikuyenda bwanji.

Mwana wawo ndi amene anawauza za holo ya kuseri kwa chipatala, kumene Loweruka lililonse akuluakulu amaphunzira izi ndi izo. Anapita atavala jekete. M'chipinda choyamba munkalira makina osokera, m'chachiwiri azigogo ankatchula zilembo mokweza, panja amayi odwala BP ankatambasula manja potsatira namwino. Kalasi ya chinenero chamanja inali kumapeto, m'kachipinda ka mipando khumi yozungulira kuti aliyense aziona manja a mnzake. Ophunzira anzawo anali wapolisi, namwino wina, ndi mayi amene mwana wake anasiya kumva atadwala.

Mphunzitsi anali mayi wamfupi wa magalasi, nawonso osamva. Analemba pabolodi kuti: "Mawu asiyeni pakhomo."

A Tinyamuke anapirira mphindi zisanu. Kenako anapendekera kwa wapolisi n'kunong'ona, poganiza kuti aphunzitsi sadziwa. Koma mayiwo anali ndi maso akuthwa. Anawaloza, n'kudzitsina milomo ndi zala. Tsiku limenelo aphunzitsi anawatsinira milomo kasanu ndi kawiri.

Zilembo ndiye zinawazunza. Zala zawo zinali zouma ngati zikhomo, ukati upinde chimodzi zinzake zimabwera nazo. Kunyumba ankaima pagalasi la wadirobu n'kumayeserera.

"Bambo, mukuthamangitsa ntchentche?" akazi awo ankafunsa.

"Ndili pasukulu, mayi. Musandisokoneze."

Sabata yachitatu aphunzitsi analemba kuti aliyense aonetse ntchito yake popanda kutsegula pakamwa. Wapolisi anangoima njo, n'kukweza dzanja. Itafika nthawi ya a Tinyamuke, anaiwala za bondo. Analendewera pachitseko cha basi yosaoneka, analoza kutsogolo, anathithikiza anthu anayi pampando wa atatu, anakangana ndi mayi wonyamula nkhuku, nkhope ikusintha ngati ya anthu asanu. Pomaliza anamenya mbali ya basi kawiri kuti dalaivala anyamuke. Aphunzitsi anaseka mpaka kuvula magalasi. Analemba pabolodi kuti, "Zala zanu n'zaulesi, koma nkhope yanu ndi yathu." Ndiyeno anawomba mumlengalenga kawiri ndi chikhatho n'kuwaloza. Namwino ndiye anawalembera papepala kuti limenelo ndi dzina lawo latsopano la m'manja. Anabwerera kunyumba akuyenda ngati mnyamata.

Patatha miyezi iwiri anaona kuti apsa. Osauza munthu, ananyamuka ulendo wa kushedi. Anapeza mkamwini akupala thabwa, pensulo ili kukhutu. Anaima patsogolo pake, anapuma kaye, n'kutulutsa chiganizo chimene anachikonza sabata yonse: "Ndabwera kudzacheza nawe."

Mkamwini anaphethira. Kenako anaika puleni yopalira ija pansi, nakhala pamulu wa matabwa, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Atapeza mpweya anatenga pensulo n'kulemba pathabwa: "Apongozi, mwati mwabwera kudzandikwatira."

A Tinyamuke anaseka mpaka kutsokomola. Mnyamata anawagwira dzanja n'kuwakonza zala mmene zimayenera kukhalira, anapukuta utuchi pasitulo, n'kuwathirira tiyi wa mufulasiki.

Apa mpamene anatulukira chinthu chimene sankachiganizira. Mkamwini wofatsa uja anali wankhani zosatha. Anayamba ndi ya kasitomala amene anaitanitsa bedi lalikulu lomwe linakana kulowa pakhomo, anapitiriza ndi ya mbuzi imene inadya guluu, kenako ya mmene anaonerana koyamba ndi mkazi wake akugula mankhwala a chimfine. Ankabwereza pang'onopang'ono, pena kujambula pathabwa. A Tinyamuke ankatola apa ndi apo, ndipo kuti alowetsepo yawo zinkavuta chifukwa manja anali atagwira kapu. Anachoka dzuwa litapendeka.

"Mnyamata uja ndi wolongolola," anadandaula atafika kunyumba. "Sapatsa mnzake mpata."

"Mwakumana," anatero akazi awo.

Kuyambira pamenepo, Lachiwiri ndi Lachinayi a Tinyamuke amapezeka kushedi, akukwecha matabwa ndi sandipepa. Makina ocheka akamalira anthu ena onse amakhala chete, koma awiriwa macheza amapitirira. Zilembo zina mpaka pano zimawathawabe, ndipo aphunzitsi anawabweza kuti abwereze gawo loyamba, chinthu chimene iwo amachifotokoza kuti "anandipempha ndikhale ndithandize atsopano."

Mmodzi mwa atsopanowo anali akazi awo. Mayiwo, ndi zala zozolowera singano, anawapitirira m'miyezi itatu yokha. Masiku ano kunyumba kukabwera alendo, a Tinyamuke n'kuyamba kachinayi nkhani ya tsiku limene basi inaphulika tayala pamlatho, mayi amangoima pakhomo la kukhitchini n'kugwedeza zala pang'ono, alendo osaona kanthu. Bambo amaima pakati pa chiganizo, kukonza kukhosi, n'kunena kuti, "Komatu tiyi akuzizira, tiyeni timwe."